Brother Voodoo wa mu komiki ndi Vodou ya ku Haiti: zoona n'ziti, zokokomeza n'ziti?

Mwana wa achemwali anga, wa fomu 3, anaika chithunzi pa sitetasi ya WhatsApp: mwamuna wakuda wa dzitho, tsitsi lili ndi mzere woyera pakati, pachipumi chilembo cha V, utsi uli tolotolo, kumbuyo kwake kukuoneka chinthu ngati mzukwa. Pansi analemba kuti Brother Voodoo. Mayi ake atangoona mawu akuti vudu aja sanafunsenso zambiri, foni analanda, ati mwanayu wayamba za sataniki. Nde mnyamata uja anandiimbira pa foni ya mnzake, "Amalume, chonde afotokozereni amayi kuti ndi katuni chabe." Achemwali nawo akuti "Achimwene, katuni yanji ya dzina limeneli?" Onse awiri anali ndi mfundo, koma panalibe amene ankadziwa kuti vudu yo ndi chani kwenikweni.

Munthu wa pachithunziyo ndi ndani

Komiki ndi timabuku ta nkhani za zithunzi tija, mawu a anthu amalembedwa m'timabaluni pamwamba pa mitu yawo. Kampani ya Marvel ya ku America, yomwe ija ya Spider-Man ndi Black Panther, inatulutsa Brother Voodoo koyamba mu 1973 mu kabuku ka Strange Tales nambala 169. Analemba nkhaniyi ndi Len Wein, anajambula ndi Gene Colan, onse azungu a ku New York.

Dzina lake lenileni mu nkhanimo ndi Jericho Drumm, wa ku Haiti, amene wakhala zaka 12 ku America kuphunzira ndi kugwira ntchito ngati katswiri wa za maganizo a anthu, ndipo za makolo anazisiya kalekale, amaziona ngati zaumbuli. Akubwerera kwawo chifukwa m'bale wake amene anabadwa naye mapasa, Daniel, ali kayakaya. Daniel ndi wansembe wa Vodou ndipo walodzedwa ndi munthu wina woipa amene akudzitcha Damballah. Mankhwala achizungu a Jericho akukanika, Daniel akumwalira, koma asanatsirizike akumutuma kwa mkulu wina wa kutchire, Papa Jambo. Mkuluyu akumuphunzitsa kwa masabata ochepa chabe kenako akulumikiza mzimu wa Daniel ndi thupi la Jericho. Kuchokera pamenepo Jericho moto sumuotcha, amatulutsa utsi wobisalamo uku ng'oma zikumveka zopanda woimba, amalamula nyama, ndipo mzimu wa Daniel amatha kuuitana kuti umuonjezere mphamvu kapena kuutumiza kukalowa mwa munthu wina n'kumamuyendetsa.

Sanatchuke kwambiri, timabuku take toyamba tinangotuluka tisanu basi. Koma mu 2009 a Marvel anamukweza, anatenga udindo wa Doctor Strange wokhala mkulu wa amatsenga onse oteteza dziko, dzina n'kusintha kukhala Doctor Voodoo. Amene munaonera filimu ya Doctor Strange ya 2016, mlonda wa nyumba ya ku New York amene akuphedwa uja ndi Daniel Drumm.

Chaka cha 1973 sichinangochitika mwangozi. Mu 1971 malamulo amene makampani a komiki ankatsatira ku America anafewetsedwa, za mizukwa zinayamba kuloledwa, komanso inali nthawi imene mafilimu a akatswiri akuda ankagulitsa heve. Luke Cage, hiro wakuda wa Marvel, anali atangotuluka mu 1972, ndipo filimu ya James Bond ya 1973 inali yodzaza ndi vudu. Chosekesa nchakuti mawu akuti zombie anali oletsedwabe, nde a Marvel pozemba lamulo ankalemba kuti zuvembie.

Nanga Vodou yo ndi chani

Apa pali zinthu zingapo zimene anthu timaziphatikiza mu thumba limodzi. Mawu akuti vodun ndi a chinenero cha Fon cha ku Benin, dziko limene kale linkatchedwa Dahomey, ndipo amangotanthauza mzimu kapena mulungu. Ku Benin, Togo, Ghana ndi mbali ina ya Nigeria chipembedzochi chilipo mpaka lero, ku Benin mu January mumakhala holide ya boma ya Vodun, ndipo mu tauni ya Ouidah kachisi wa nsato ali moyang'anana ndi tchalitchi chachikulu cha Akatolika. Mukaona mavidiyo a zangbeto, chinthu ngati mulu wa udzu chikuzungulira pabwalo anthu akuti mkatimo mulibe munthu, mukumbuka za kudambwe nthawi yomweyo.

Vodou ya ku Haiti ndi mwana wa chimenechi, koma mwana wobadwira ku ukapolo. Haiti inali koloni ya France yotchedwa Saint-Domingue, ya minda ya nzimbe ndi khofi, ndipo pofika 1789 kunali akapolo pafupifupi 500,000. Anachokera kosiyanasiyana, a Fon, a Yoruba, ambiri a ku Kongo. Lamulo la mfumu Louis XIV la mu 1685, Code Noir, linkati kapolo aliyense abatizidwe Chikatolika ndipo chipembedzo china chilichonse n'choletsedwa. Nde anthu aja anasakaniza zimene aliyense anabwera nazo m'mutu, n'kuziveka malaya a oyera mtima a Chikatolika.

Palinso Voodoo ya ku New Orleans ku America, ya mayi wotchuka uja Marie Laveau amene anamwalira mu 1881, ndi ya pachibale koma ndi ina. Kenako pali vudu ya Hollywood, ya zidole zobaya ndi singano. Imene achemwali anga ankaopa ndi yomalizayi.

Mmene zimayendera

Anthu a ku Haiti ambiri sanena n'komwe kuti "ndine wa Vodou". Amati amatumikira mizimu, sèvi lwa mu chinenero chawo cha Chikiliyo. Mulungu ndi mmodzi, Bondye, kuchokera ku Chifalansa Bon Dieu, Mulungu wabwino. Iyeyu ndi wamkulu kwambiri, za mbuzi yosowa ndi mwana wodwala malungo sazilowerera mwachindunji, pakati pake ndi anthu pali mizimu yotchedwa lwa. Kwa ife izi si zachilendo, agogo athu sankapita okha kwa Chauta, ankadzera kwa mizimu ya makolo ndi nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, monga mmene sufikira kwa Gogo Chalo osadzera kwa nyakwawa.

Ma lwa alipo ambirimbiri ndipo ali m'mabanja. A Rada, dzina lochokera ku tauni ya Allada ku Benin, ndi ofatsa, ozizira. A Petwo ndi otentha, aukali, amayankha msanga koma ukalonjeza osakwaniritsa umaona zakuda. A Gede ndi a kumanda. Aliyense ali ndi mtundu wa nsalu yake, chakudya chake, kaimbidwe ka ng'oma kake ndi woyera mtima amene chithunzi chake chimamuimira. Papa Legba, nkhalamba ya ndodo yoyang'anira geti, amayenda ndi Petulo Woyera wa makiyi uja kapena Lazaro. Ogou wa chikwanje ndi nsalu yofiira ndi Yakobo Woyera ali pa hatchi. Damballah ndi Patrick Woyera, chifukwa pachithunzi pake pamakhala njoka kumapazi.

Wansembe wamwamuna ndi oungan, wamkazi ndi manbo, ndipo mphamvu zawo n'zofanana, palibe zoti mayi akhale kumbuyo. Kulibe Papa ngati wa Akatolika, kulibe sinodi, kulibe buku limodzi, kachisi aliyense amayenda payekha ngati banja ndipo omutsatira amamutcha wansembe uja papa kapena manman, kutanthauza bambo kapena mayi. Ntchito yake yaikulu tsiku ndi tsiku ndi ya using'anga: zitsamba, kusambitsa odwala, kumasulira maloto, kuyanjanitsa anthu amene ayambana.

Tiyerekeze mwafika pa mwambo usiku. Ndi chisakasa chachikulu, pansi pa dothi, pakati pali mzati wopakidwa utoto wotchedwa poto mitan, umenewu ndiye msewu umene mizimu imatsikira. Chodabwitsa choyamba, akuyamba ndi Atate Athu ndi Tikuoneni Maria mu Chifalansa, mwina ola lathunthu. Kenako wansembe akutapa ufa wa chimanga m'mbale, akuwerama n'kumauthothola pakati pa zala pang'onopang'ono kujambula pansi chizindikiro cha lwa amene akuitanidwa, mizere yopindikapindika yokongola ngati ya pa nsalu, imeneyi ndi vèvè, ndipo pofika m'mawa imakhala itafufutika ndi mapazi a ovina. M'dzanja ali ndi chipanda chokulungidwa ndi mikanda chimene akugwedeza. Ng'oma zitatu, yaikulu amaitcha manman, zikuyamba. Nyimbo yoyamba ndi ya Legba, kumupempha atsegule geti, popanda iyeyo palibe amene adutse.

Nde pakati pa kuvina wina akuyamba kudzandira ngati pansi pakuterera, anzake akumugwira, akumuvula nsapato. Amati lwa wamukwera, ndipo munthuyo tsopano ndi chwal, kutanthauza hatchi. Iye mwini wachoka kaye, amene akuyankhula ndi wokwerayo, ndipo zikatha sakumbuka kanthu. Amene anaonapo vimbuza ku Rumphi kapena ku Mzimba akudziwa mmene ng'oma imasinthira munthu nkhope. Akakhala Ogou akufuna chikwanje chake ndi mowa wa nzimbe, akuyenda ngati msilikali akudzudzula anthu. Akakhala Gede, makamaka pa 1 ndi 2 November, wavala magalasi akuda diso limodzi lobooka, nkhope ya ufa, akutukwana zolaula anthu akuseka, akumwa mowa woviikamo tsabola woti iwe ndi ine sitingaunyambite. Ndipo anthu amapita kukayankhula naye, kufunsa za matenda, za ntchito, za mwamuna wosabwera kunyumba.

Pamene a Marvel analasa ndi pamene anaphonya

Mayina ambiri anatenga enieni, ndipo mfundo yakuti pali wansembe wothandiza anthu ndi wina wogulitsa zoipa ndi yoona. Wachiwiriyu amatchedwa bòkò, amati amagwira ndi manja onse awiri, kuchiza ndi kupweteka, malingana ndi amene walipira. Ndi nkhani yomwe ija ya sing'anga ndi mfiti, ndi sing'anga wina amene anthu amamunong'ona kuti amapanga zonse.

Za mapasa analasanso, kaya mwadala kaya mwamwayi. Mu Vodou mapasa ndi opatulika, amatchedwa Marasa, amalemekezedwa koyambirira kwa mwambo pambuyo pa Legba, ndipo chithunzi chawo ndi cha Kosmasi ndi Damiano. Amakhulupirira kuti mapasa ali ndi mphamvu yobadwa nayo, ndipo mmodzi akamwalira sanachoke, amapatsidwabe chakudya chake. Ku Benin mayi amayenda ndi kachidole ka mtengo koimira mwana wa mapasa amene anamwalira, kukasambitsa ndi kukaveka. Ngakhale zoitana mzimu wa womwalira zilipo: pakatha chaka ndi tsiku limodzi pamachitika mwambo wotulutsa mzimu m'madzi momwe amati umadikira, n'kuusunga mu mtsuko wotchedwa govi kuti uzilangiza banja.

Pamene anaphonya kwambiri ndi pa Damballah. Mu komiki dzinali ndi la chigawenga cha njoka zoluma, koma kwa otumikira mizimu Damballah ndi mmodzi mwa ma lwa akale ndi ofatsa kuposa onse, njoka yaikulu yoyera ya madzi, mvula ndi mtendere, mkazi wake Ayida Wedo ndi utawaleza. Nsembe yake ndi dzira loyera pa kamulu ka ufa woyera. Salola fodya kapena mowa pafupi. Munthu amene wamukwera sayankhula, amangokwawa pansi lilime likutuluka, anthu n'kumufunditsa nsalu yoyera. Ganizirani munthu wa kunja amve za Thunga, njoka ya kwa Makewana ku Msinja, kapena za M'bona ku Khulubvi, n'kukapanga filimu yoti ndi chiwanda chodya ana. Mzungu akaona njoka amaona ya mu Genesis basi. Nkhani ya mu komikiyo imanena ndithu kuti munthu uja ankangogwiritsa ntchito dzinalo, koma mwana wowerenga chimene chimatsala m'mutu ndi chakuti Damballah ndi woipa.

China n'chakuti zinthu anazitembenuza. Mu Vodou hatchi siyendetsa wokwera. Munthu amatumikira, lwa ndiye amasankha kubwera kapena ayi. Jericho mzimu wa m'bale wake amautumiza ngati mwana wotumidwa ku gulosale, ndipo amamenya nkhondo yekhayekha pamene mwambo weniweni sungachitike popanda oimba ng'oma, oyimba, ophika ndi khamu. Za kuphunzira unsembe masabata ochepa nazonso ndi za mu komiki, anthu amatha zaka akutumikira pansi pa wina. Koma pajatu ndi nkhani ya masupahiro, Thor wa Marvel nayenso sagwirizana ndi Thor amene anthu a ku Scandinavia ankapembedza. Kusiyana kwake n'kwakuti opembedza Damballah ndi mamiliyoni ndipo ali moyo.

Zidole ndi mazombi

Chidole chobaya singano chija si mwambo wa Vodou ya ku Haiti. Zoumba kachifanizo ka mdani n'kukabaya zinkachitika ku Ulaya kuyambira kalekale, ku England kuphatikizapo, ndipo mabuku ndi mafilimu a ku America ndi amene anazimata pa anthu akuda. Tizidole tilipo pa maguwa ena ndi kumanda ku Haiti, koma timakhala ngati amithenga opita kwa akufa.

Zombi ndiye ilipo mu zikhulupiriro za ku Haiti, koma si ija yodya anthu, imeneyo inayamba ndi filimu ya George Romero ya 1968. Ya ku Haiti ndi ndondocha yeniyeni: munthu amene bòkò wamupha mwa matsenga, kumufukula, kumulanda nzeru n'kumamulimitsa m'munda, ndipo amati asalawe mchere chifukwa angatsitsimuke. Anthu saopa zombi, amaopa kusandutsidwa zombi. Kwa mbadwa za akapolo zikumveka, chiyembekezo chawo chinali chakuti ukafa mzimu umabwerera ku Ginen, ku Africa, nde tangoganizani kufa kenako n'kudzukanso uli m'munda wa nzimbe womwe uja. Mu zaka za m'ma 1980 wofufuza wa ku Canada Wade Davis anati chinsinsi chake ndi poizoni wa nsomba ina ya m'nyanja amene amaumitsa munthu ngati wafa, potengera nkhani ya Clairvius Narcisse amene analembedwa kuti wamwalira mu 1962 n'kutulukira mu 1980. Asayansi ena anatsutsa, ati mu ufa umene anayeza poizoniyo anali wochepa kwambiri.

Mbiri yoipayi inachokera kuti

Mu August 1791 akapolo anakumana usiku pamalo otchedwa Bois Caïman, motsogozedwa ndi Dutty Boukman ndi mayi Cécile Fatiman, anapha nkhumba yakuda n'kulumbira. Olemba mbiri amatsutsana pa tsatanetsatane wa usiku umenewo, koma patangopita masiku ochepa minda ya nzimbe kumpoto inali pamoto, ndipo pa 1 January 1804 Haiti inakhala dziko loyamba la akapolo odzimasula okha, atagonjetsa asilikali a Napoleon. Maiko amene ankadalirabe akapolo zinawaopsa. France mu 1825 inakakamiza Haiti kulipira mafaranga 150 miliyoni ngati chipukuta misozi cha eni akapolo, America inadikira mpaka 1862 kuti ivomereze kuti dzikoli lilipo. Nkhani zoti anthu amenewa ndi odya anzawo, opembedza njoka, zinali ndi ntchito yake.

Kenako asilikali a America analamulira Haiti kuyambira 1915 mpaka 1934, ndipo anabwerako ndi nthano. Buku la William Seabrook la 1929 ndi filimu ya White Zombie ya 1932 ndi zimene zinafalitsa zombi dziko lonse. Ku Haiti komweko nako sikunali mtendere, mu 1935 boma linaletsa miyambo imene linaitcha yamatsenga, ndipo mu 1941 ndi 1942 Mpingo wa Katolika unachita kampeni yootcha ng'oma ndi kudula mitengo yopatulika. François Duvalier, Papa Doc, amene analamulira kuyambira 1957 mpaka 1971, anaipitsiratu zinthu mbali inayo: ankavala suti yakuda ndi chipewa ngati Baron Samedi, mkulu wa kumanda, ndipo ansembe ena anali mu gulu lake lakupha la Tonton Macoute. Nde si kuti mbiri yonse yoipa inachokera kunja. Vodou inavomerezedwa ndi boma ngati chipembedzo mu 2003, nthawi ya Jean-Bertrand Aristide.

Bwanji tikutaya nthawi ndi katuni

Chifukwa zimene anthu amakhulupirira za chipembedzo cha anzawo zimafika pa thupi. Chivomerezi cha pa 12 January 2010 chitagwetsa Port-au-Prince, mlaliki wa pa TV ku America Pat Robertson ananena kuti Haiti inachita pangano ndi mdyerekezi kuti ipeze ufulu. Kumapeto kwa chaka chomwecho kolera itabuka, anthu osachepera 45, ambiri ansembe a Vodou, anaphedwa ndi magulu a anthu powaganizira kuti akufalitsa matendawa ndi ufa wamatsenga. Kolerayo, imene inapha anthu pafupifupi 10,000, inachokera ku kampu ya asilikali a United Nations ochokera ku Nepal, ndipo mkulu wa bungweli panthawiyo, Ban Ki-moon, anapepesa mu 2016. Ife amene timamva za agogo ophedwa chifukwa mphenzi yagwa m'mudzi sitikufunika kufotokozeredwa zambiri.

Pa Brother Voodoo penipenipo anthu amagawikana. Ena amati mu 1973 kuika munthu wa ku Haiti, wophunzira, wansembe wa Vodou, kukhala woteteza anthu osati chigawenga, chinali chinthu chachikulu, ndipo nkhani ya munthu wobwera ndi madigiri n'kupeza kuti za kwawo ankazinyoza asakuzidziwa imawakhudza ambiri. Ena amati dzina lokhalo, chifuwa pamtunda, utsi ndi ng'oma ndi vudu ya Hollywood yomwe ija yangovekedwa mkanjo wa hiro, ndipo palibe angayerekeze kupanga Brother Katolika woponya makandulo. Akhristu ndi Asilamu ambiri, ku Haiti komweko mipingo ya chipentekoste ikukula, amati kaya komiki kaya zenizeni, kuitana mizimu n'kosaloledwa, ndipo pamenepo mkangano wake ndi wa chikhulupiriro, komiki singauthetse.

Achemwali anga ali m'gulu lomalizali. Ndinawafotokozera zonsezi pa foni pafupifupi ola, mayunitsi anga, anamvetsera bwinobwino, pa za ndondocha anaseka, pa za kolera anakhala chete. Foni anabweza tsiku lachitatu koma anati chithunzicho chichoke basi. Mnyamata uja pano pa sitetasi pali Bukayo Saka.